Ola limodzi pa boti: zolemba za ulendo wa ku Singapore ndi Indonesia

Lachisanu, Singapore

Ndafika. Miyendo yatupa chifukwa chokhalitsa mu ndege kuchokera ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa, koma ndafika. Mwana wa achimwene anga, yemwe ali pasukulu kuno chaka chachitatu, anandichingamira pabwalo la ndege la Changi. Tisanalonjerane n'komwe bwinobwino, anandikoka dzanja kuti ndikaone mathithi. Eya, mathithi m'kati mwa nyumba ya pabwalo la ndege. Madzi akugwa kuchokera kudenga lagalasi, mamita 40, mitengo yeniyeni itazungulira. Ndinangoti kakasi, chikwama chili m'manja, maganizo ali pampopi wa kwathu ku Bangwe womwe umatha masiku atatu usanadonthe.

Ulendowu ndi wa geni. Ndagulitsa zitenje ku Limbe zaka 19, ndipo msika wa nsalu wa ku Jakarta, ku Indonesia, ndakhala ndikungoumvera kwa anzanga. Mnyamatayu ndi amene anati, "Azakhali, mudzere kuno kaye, tikawolokere limodzi." Ndinavomera msanga chifukwa dzina la Singapore landikwana m'makutu. Wandale aliyense kwathu akagwira maikolofoni amati: ife tinalandira ufulu mu 1964, iwo mu 1965, taonani lero ali pati. Ndinafuna ndidzaone ndekha kuti ali pati.

Choyamba chomwe andale aja satiuza ndi kuchepa kwa malowa. Dziko lonse ndi masikweya kilomita pafupifupi 730. Nyanja ya Malawi ingalimeze maulendo 40. Anthu ake ndi 6 miliyoni, ndipo poti pansi palibe, amakhala mosanjikizana. Mwanayu amachita lendi kachipinda pansanjika ya nambala 14, m'nyumba zomangidwa ndi bungwe la boma la HDB, lomwe linayamba mu 1960. Anthu pafupifupi 8 mwa 10 alionse a dziko lino amakhala m'nyumba zoterezi. Zochapa amazibaya pansungwi n'kuzitulutsira pawindo, ndiye ukayang'ana m'mwamba umangoona malaya akupepeluka ngati mbendera. Chitenje changa ndachiyanika m'bafa. Sindingalole chigwe kuchokera kumwamba konseku.

Loweruka

Tinakadya pamalo omwe iwo amati hawker centre. Ndi chiimilire ndithu, koma chokhala ndi denga, mipando ndi mipopi. Mpunga wa nkhuku mbale imodzi madola asanu a kuno. Ndinapeza tebulo lopanda munthu, pali kapaketi ka tishu, ine n'kukasunthira pambali n'kukhala. Mwanayu anachita kuuma thupi. "Azakhali, dzukani, pali eni." Kuno kapaketi ka tishu ndi munthu. Wakasiya wapita kukagula chakudya, ndipo palibe angakhalepo. Ena amasiya ngakhale foni. Foni! Ukatha kudya umanyamula mbale zako wekha kukazisiya pamalo pake, ukapanda kutero akhoza kukulipiritsa. M'sitima sadya, samwa. Chingamu analetsa kugulitsa kuyambira 1992.

Ndinafunsa kuti mpungawu amalima kuti, poti chifikireni sindinaone munda ngakhale wa ndime imodzi. Akuti salima. Chakudya choposa magawo 90 pa 100 chimachokera kunja. Nkhuku, mazira, masamba, nsomba, zimalowa tsiku ndi tsiku kuchokera ku Malaysia, Indonesia ndi kutali konse. Madzi omwe ena amachokera ku Johor, ku Malaysia, pamgwirizano wa mu 1962 womwe udzathe mu 2061. Poopa tsiku limenelo, amasefa madzi a m'nyanja yamchere, komanso madzi a m'zimbudzi amawayeretsa mpaka kuyera mbee, n'kuwatcha NEWater. Nditamva zimenezo ndinayang'ana kapu yanga kawiri. Ndinamwabe, ludzu silisankha.

Galimoto ndiye nkhani ina. Usanaigule uyenera kugula kaye chilolezo chokhala nayo kwa zaka khumi, ndipo amachita kupikisana ngati ku okushoni. Mu 2023 chilolezo chokhacho chinadutsa madola a kuno 100,000. Galimotoyo payokha. N'chifukwa chake mabwana a matayi amapanikizana nafe m'sitima popanda manyazi.

Madzulo mwanayu anandionetsa pafoni kanema wakale wa Lee Kuan Yew, nduna yaikulu yoyamba ya dziko lino, akulira pa wailesi ya kanema mu 1965, tsiku lomwe Singapore inapatukana ndi Malaysia. Ufulu wawo sanauvinire ngati ife. Anatulutsidwa m'nyumba alibe munda, alibe chitsime. Chomwe anali nacho ndi doko lomwe lili panjira ya sitima zapamadzi zoyenda pakati pa China, India ndi Ulaya. Ine monga wamalonda zimenezi ndazimvetsa msanga. Benchi ya pakhomo lolowera mumsika siifanana ndi ya kuseri kwa zimbudzi, ngakhale katundu atakhala yemweyo.

Lamulungu

Titatuluka m'tchalitchi tinapita ku Paya Lebar. Ndinkayesa kuli chikondwerero. Atsikana ndi amayi mazanamazana atayala mapepala ndi nsalu paudzu, pansi pa milatho, m'mbali mwa sitolo yaikulu ya City Plaza. Ambiri ovala mipango ya Chisilamu, akudyera limodzi m'makontena, ena akulukana tsitsi, ena akuvina pamaso pa foni, wina ali pambali akulira mwakachetechete uku akuyankhula ndi kamwana pavidiyo.

Amenewa ndi antchito a m'nyumba ochokera ku Indonesia. Lamulungu ndi tsiku lawo lopuma, ndipo lamulo lowapatsa tsiku limodzi pa sabata linabwera mu 2013. Antchito oterewa m'dziko lino ndi oposa 250,000, ambiri ochokera ku Indonesia, Philippines ndi Myanmar. Amagona kwa mabwana awo, ndiye patsiku lopuma alibe pakhomo poti alandirirepo mnzawo. Kapinga ndiye pabalaza. M'kati mwa sitolo muja mizere italiitali inali pamalo otumizira ndalama.

Ndinakhala pabenchi nthawi yaitali. Dzulo ndimasirira ukhondo wa dziko lino, lero ndaona manja ake. Mayi wa ku Singapore amalawirira ku ofesi chifukwa mwana wake ndi agogo ake akusamalidwa ndi mayi wa ku Java, yemwenso ana ake akuleredwa ndi agogo awo kumudzi. Ife a ku Malawi nkhani imeneyi sitichita kufotokozeredwa. Mabasi a ku Joni amadzaza pa Wenela sabata iliyonse.

Kenako tinadzera ku Arab Street kukaona nsalu. Batik, nsalu yokongoletsedwa ndi phula ndi utoto, yokongola zedi, koma mtengo wake ndinangoibweza pashelefu mwaulemu. Mwini sitolo anaseka n'kuloza kum'mwera ndi chibwano. Nayenso amakapikula komweko.

Lolemba, Batam

Tinakwera boti pa HarbourFront 10 koloko m'mawa, n'kufika ku Batam, ku Indonesia, 10 koloko yomweyo. Ulendo ndi wa ola limodzi, ndipo wotchi ya kuno imatsalira ndi ola limodzi. Panjira tinadutsa sitima zikuluzikulu zonyamula katundu zitangoti mbwee pamadzi, kudikira mpata wolowera padoko. Ukacheuka, nyumba zagalasi zija zikuonekabe.

Titangotuluka pachipata, mtima wanga unakhala pansi. Hutala, fumbi, njinga zamoto, anyamata okuitanira galimoto asanu nthawi imodzi, fungo la nyama yootcha ndi la ndudu zawo zonunkhira ngati mankhwala a dzino. Ndinauza mwanayu kuti tafika kwathu. Iye sanakondwe nazo, wazolowera zoyera.

Ndasintha ndalama ndipo ndasanduka miliyoneya. Pomwe ndimasintha, dola imodzi ya ku America inali ma rupiah cha m'ma 16,000. Maziro andisokoneza. Ndinagula nthochi zokazinga za 10,000 n'kupereka pepala la 100,000, ndikuchokapo monyadira. Mayi wogulitsayo anandithamangira mpaka pamsewu, chenji chili m'manja, akundikalipira m'chinenero chake ngati mng'ono wake. Mawu sindinamve, koma nkhope ija ndikuidziwa, ndi yomwe ndimapangira makasitomala osasamala.

Batam ndi kachilumba ka anthu opitirira miliyoni imodzi, kodzaza ndi mafakitale. Ambiri mwa iwo ndalama zake n'zochokera kutsidya: ofesi ili ku Singapore, makina ndi antchito ali kuno komwe malipiro ndi malo n'zotsika. Loweruka ndi Lamulungu anthu a kutsidya amabwera kudzadya nkhanu, kudzatikitidwa thupi ndi kugula sopo wotchipa.

Yomwe yandidabwitsa ndi ya mchenga. Singapore inali masikweya kilomita pafupifupi 580 pomwe inkalandira ufulu. Malo owonjezerawo anachita kukwirira nyanja, ndipo mchenga wambiri unkafukulidwa kuzilumba za kuno. M'zaka za m'ma 2000 Indonesia inaletsa malondawo itaona tizilumba tina tikuphwa. Bwalo la ndege lomwe ndinatsikira Lachisanu lija, mbali yake yaikulu ili pamalo okwirira. Dziko kugula dothi kwa mnansi, ine ndinali ndisanamvepo.

Usiku takwera ndege ya ku Jakarta.

Lachiwiri, Jakarta

Mawu oyamba omwe ndaphunzira ndi macet. Ndiko kuthithikana kwa magalimoto. Kuchokera kogona kukafika kumsika, mtunda woti kwathu ndi Limbe ndi Chichiri, taxi inatha ola ndi theka. Pobwerera tinakwera kabaza. Kuno amati ojek, amavala majekete obiriwira, umamuitana pafoni ndipo mtengo umaudziwiratu, palibe zokangana. Kampani ya Gojek inayamba momwemo mu 2010, ndi akabaza ochepa chabe, lero ndi chimphona. Ndinamanga chitenje bwinobwino, n'kuvala chipewa, n'kutseka maso. Mawondo anga akhudza magalimoto osawerengeka.

Jakarta pamodzi ndi matauni omatirira ili ndi anthu oposa 30 miliyoni, kuposa a Malawi yense. Chilumba cha Java chomwe mzindawu uli, kukula kwake kumangoposa Malawi pang'ono, koma pali anthu oposa 150 miliyoni. Ndipo chimenechi ndi chimodzi mwa zilumba zoposa 17,000.

Tanah Abang! Anzanga ankanena koma sanamalize. Si msika, ndi mzinda wa nsalu: nyumba zosanjikizana zolumikizana ndi milatho, tinjira tothina, onyamula mabelo akukuwa kuti uwapatse njira, mipukutu kuchokera pansi mpaka kudenga. Ndakumanamo ndi amalonda a ku West Africa omwe akuoneka kuti anakhazikika kale, akunenerera m'chinenero cha kuno. Amagulitsa pa kodi, ndiye kuti zidutswa 20. Kunenerera timachitira pa kakyuleta: iye alemba, ine ndifufuta n'kulemba yanga, iye agwira pamtima ngati ndamulasa, ine ndiyamba kuchoka, iye andiitana. Ku Singapore masiku atatu sindinanenerere kanthu, ndipo lilime linali litayamba dzimbiri.

Pasitolo ina anafuna kundipusitsa. Chidutswa chapamwamba chinali thonje lenileni, zapansi zosakaniza ndi pulasitiki. Ndinasolola cha pakati, n'kuchifinya m'dzanja, n'kunyowetsa chala kupaka pakona. Utoto unatsalira pachala. Ndinamuonetsa chalacho osayankhula. Anaseka, n'kukatenga mpukutu wina kuseri. Zaka 19 si masewera.

Ngakhale wogulitsa tiyi wa pakangolo ali ndi kachikwangwani kolipirira pafoni. Chimenecho ndasirira.

Lachitatu

Mwanayu anaumirira kuti tikaone kumpoto kwa mzinda, ku Muara Baru. Kuli chikhoma cha simenti chotchinga nyanja. Tinakwera pamwamba pake. Mbali iyi madzi, mbali iyo nyumba za anthu, ndipo madziwo ali pamwamba kuposa msewu. Kutsidya kwa khomalo kuli mzikiti womwe unamira kale, mafunde akulowa ndi kutuluka pakhomo.

Mzindawu ukutitimira, makamaka chifukwa anthu ndi nyumba zikuluzikulu amapopa madzi apansi, poti a m'mapaipi safika paliponse. Boma linakhazikitsa lamulo mu 2022 losamutsira likulu ku Nusantara, pachilumba cha Borneo, komwe akumanga mzinda watsopano. Ife tinasamutsapo likulu kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, ndiye sizachilendo. Koma amayi omwe ndinawaona akusenda nkhono m'munsi mwa khoma lija sakupita ku Borneo. Singapore ikukwirira nyanja kuti ikule, kuno nyanja ikudya mzinda, ndipo wothawira kwina ndi yemwe ali ndi kwina.

Lachinayi, Bandung

Lero ndiye ndasokonezeka mutu. Dziko lomweli la khoma lija lili ndi sitima yothamanga makilomita 350 pa ola. Dzina lake Whoosh, inayamba mu Okutobala 2023, anamanga mothandizana ndi China pandalama zoposa madola 7 biliyoni a ku America. Kuchokera pasiteshoni ya Halim mu Jakarta kukafika ku Padalarang, pafupi ndi Bandung, ndi theka la ola, ulendo womwe sitima yakale imatha maola atatu kuti ifike ku Bandung. Singapore ilibe sitima yotere. Ingathamangire kuti? Isanatenge liwiro ndiye kuti yagwera m'nyanja.

Ku Bandung tinalowa mu Gedung Merdeka, momwe mu 1955 munakumana atsogoleri a mayiko 29 a ku Asia ndi Africa, pulezidenti wa Indonesia Sukarno ali mwini khomo. Ife nthawi imeneyo tinali m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chinaitanidwa koma sichinapite. Mipando ndi mbendera zilipobe.

Pa nkhomaliro tinatsutsana ndi mwanayu. Iye ndi wa manambala. Akuti chuma cha Singapore ukachigawa kwa munthu aliyense chimapitirira madola a ku America 80,000 pa chaka, cha Indonesia chili cha m'ma 5,000. "Ndiye mukufuna umboni wina wotani, azakhali?"

Ndinati chabwino, nanga mphika wonse? Anavomera monyinyirika kuti wa Indonesia ndi waukulu kuposa kawiri, n'chifukwa chake amakhala nawo pa G20, gulu la mayiko a chuma chachikulu. Koma odya mumphikamo ndi anthu pafupifupi 280 miliyoni, a zinenero zoposa 700, omwazikana mtunda woposa makilomita 5,000 kuchokera ku Aceh kukafika ku Papua. Nduna ya ku Singapore ikhoza kuyendera sukulu ya kumalire kwenikweni kwa dziko n'kubwerera kukadya nkhomaliro kunyumba. Ya kuno, kuti mphunzitsi mmodzi kapena katoni ya katemera ifike kuzilumba za kum'mawa, pafunika ndege, boti ndi miyendo. Singapore ilibe midzi. Midzi yake ili m'mayiko a eni, ndipo wa kumudziko akadwala kapena kukalamba, amabwerera kwawo.

"Komatu azakhali, kuchepa sikuletsa kuba. Tizilumba tating'ono tosauka tilipo tambiri."

Pamenepo anandigwira. N'zoona, kuchepa kokha sikumanga nyumba za HDB. Panafunika anthu oti akaika lamulo lizigwira ndi mwana wa nduna yemwe. Indonesia inakhala zaka zoposa 30 pansi pa pulezidenti Suharto, mpaka 1998, ndipo za katangale wa nthawi imeneyo eni ake amakamba poyera. Ndinamuuza kuti adye, msuzi ukuzizira.

Anandiuzanso kuti mu 1998 pulezidenti wa Indonesia Habibie analoza Singapore pamapu n'kuitcha kadontho kofiira. Eni kadonthowo anangolitola dzinalo n'kuyamba kulinyadira.

Lachisanu, m'sitima

Tsiku lonse m'sitima wamba, kuchokera ku Bandung kupita ku Yogyakarta. Mpunga, mpunga, mpunga. Ena akuwokera, pafupi pomwepo ena akumweta, poti madzi a m'ngalande salekeza. Mapiri ophulika ali chapatali. Palibe pomwe diso lingagwe osaona denga la nyumba kapena munthu atawerama. Ndadya tempe, soya wowiritsa yemwe amamusiya agwirane ngati chikondamoyo kenako n'kukazinga. Soya yemweyu timalima ku Mchinji n'kumagulitsa kwa mavenda pamtengo wolira. Ndalemba kapangidwe kake kuseri kwa tikiti.

Loweruka, Yogyakarta

Zaka zonsezi ndakhala ndikuitanira makasitomala kuti "Java weniweni uyu mayi, sasuluka," osaganizako kuti Java ndi malo oti munthu angapondepo. Lero ndinakhala pakampando kafupi, kuseri kwa nyumba ina, pakati pa amayi anayi olemba batik.

Pakati pali kambaula, pamwamba pake kachiwaya ka phula losungunuka. Mayi aliyense ali ndi canting, kachikho kamkuwa kokhala ndi kamlomo kowonda ngati singano, kolumikiza kukamtengo. Amatunga phula, n'kuuzira kamlomoko kamodzi, fuu, n'kuyamba kulemba pansalu yoyera yomwe ili pantchafu. Kadontho, kadontho, mzere wokhota. Pomwe padutsa phula utoto sulowa. Akaviika mu utoto amaphimbanso pena, n'kuviikanso mu wina, pomaliza n'kuwiritsa nsaluyo kuti phula lichoke. Nsalu imodzi yabwino imatha miyezi. Ndinayesa. Phula linadontha pabondo, ndinakuwa, amayi onse anafa nacho chiseko. Wamkulu pa onsewo anagwira dzanja langa n'kulipendeketsa pang'ono, osanena kanthu, ndipo mzere wachiwiri unatuluka wooneka.

M'zaka za m'ma 1800 Adatchi, omwe ankalamulira kuno, anayesa kupanga batik ndi makina kwawo kuti adzagulitse kwa eni ake. Ajava sanaikonde, poti inali ndi timing'alu ta utoto. Amalonda anakaitsitsa ku West Africa, komwe timing'alu tomweto anthu anatikonda, ndipo m'menemo ndi momwe munachokera wakisi yemwe timavala. Ndinavula chitenje chomwe ndinafunda n'kuwapatsa amayi aja. Anachitembenuza kuseri, kuchiunika padzuwa, kuchinunkhiza. Wamkulu uja anapukusa mutu n'kunena mawu amodzi omwe ndinawamva popanda womasulira: mesin. Makina. Koma sanandibwezere msanga, anayamba wachiyesa m'chiuno.

Ndagula ziwiri zolemba pamanja. Sindigulitsa, palibe angalipire mtengo wake ku Limbe. Zogulitsa ndatenga zodinda ndi chidindo chamkuwa.

Lamulungu, kubwerera ku Singapore

Mu ndege ndinakhala ndi mayi wina wa ku Central Java, wazaka ngati 35, akubwerera kuntchito atatha tchuthi cha masabata awiri. Chingerezi chake n'chabwino kuposa changa, anachiphunzira polera ana a abwana. Wagwira zaka 9. Anandionetsa pafoni nyumba yomwe akumanga kumudzi: makoma atha, matailosi aikidwa, mawindo atsekedwa ndi malata podikira ndalama. Kenako mwana wake wamkazi atavala yunifolomu ya sekondale. Anamusiya ali ndi zaka zinayi.

Ndinamufunsa kuti pa mayiko awiriwa labwino ndi liti. Anandiyang'ana ngati ndafunsa kuti pakati pa khasu ndi mbale chabwino n'chiti. Anati ku Singapore sangakhaleko mpaka kale ngakhale atafuna, chiphaso chake n'chantchito basi, ikatha ndi ulendo. Akuwerengera zaka zina ziwiri, kenako akatsegule kagolosale kutsogolo kwa nyumba ija. Anawonjeza yekha kuti zaka ziwiri zapitazo ananenanso chimodzimodzi.

Pa Changi anadutsa pachipata cha makina mosachedwa, ngati munthu wolowa pakhomo pomwe wazolowera, katoni ya tchipisi ta tempe ili m'manja, mphatso ya ana a abwana. Ine ndinatsalira kudikira mabelo anga. Mwanayu wawayeza pasikelo ya mayi mwini nyumba: ndapitiriza ndi makilo 6. Ndege ya ku Addis Ababa ndi mawa usiku, ndipo nsalu zonse zili pabedi, sindinasankhe yosiya.